Ulendo wa ku Saint-Malo ndi ana: amene munafikako tithandizeni

Nabanda (Southampton):
Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi pempho. Patchuthi cha Isitala chikubwerachi ine ndi bambo akunyumba tikufuna kuwoloka ndi ana kupita ku France, koma osati ku Paris. Kuno tili pafupi ndi Portsmouth, ndipo ndamva kuti pali sitima yapamadzi imene imanyamuka madzulo n'kukafika ku Saint-Malo m'mawa. Ana ndi awiri, wamkulu ali ku sekondale, wamng'ono akadali ku pulayimale. Tidzakhalanso ndi mayi anga, amene mawondo amawavuta. Amene munafikako, kodi ndi malo oti banja lingasangalale? Tikaone chiyani, tisiye chiyani? Nanga popanda galimoto n'zotheka?

Make Yamikani (Manchester):
Achemwali, tisanafike kutali, mapasipoti anu ndi ati? Ngati ndi a Malawi, chilolezo chokhalira ku UK sichikulowetsani ku France. Mufunika viza ya Schengen, yolowera ku France ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya, aliyense payekha, ndipo ya munthu wamkulu panopa ndi ma euro 90. Amafunanso inshuwalansi yapaulendo yofika ma euro 30,000, umboni wa kumene mukagone ndi tikiti yobwererera. Nyengo ya tchuthi malo okaperekera mapepala amadzadza msanga, ndiye yambani lero lomwe.

Nabanda (Southampton):
Zikomo make Yami. Ine ndi mayi ndife tikufunika viza, ndipo tsiku lokapereka mapepala talipeza kale. Ana ndi bambo awo alibe vuto.

Chikondi (Rennes):
Moni amayi. Ine ndikuphunzira ku Rennes, ndipo kuchokera kuno kukafika ku Saint-Malo pa sitima yapamtunda sipakwana ola. Popanda galimoto n'zotheka ndithu. Mukatsika padoko mudzaona linga lalikulu lamiyala lili poteropo, mphindi zochepa chabe kuyenda wapansi. Mzinda wakale uli m'kati mwa lingalo, ndipo eni ake amautchula Intra-Muros. Pamwamba pa linga pali njira yoti munthu n'kuzungulira mzinda wonse, pafupifupi makilomita awiri. Dzanja lina nyanja ndi zilumba, dzanja lina madenga a nyumba zazitali za miyala yotuwa. Kukwerapo n'kwaulere. Ana adzakondwa, sindikukayika.

Za agogo ndinene zoona: misewu ya m'katimo ndi yoyala miyala yosasalala, ndipo malo ambiri okwerera pa linga ndi masitepe. Asadzikakamize kuzungulira konse. Akwere pamodzi, ayende pang'ono, akhale pansi aziona nyanja. Pafupi ndi chipata chachikulu cha Porte Saint-Vincent pamanyamuka kasitima ka matayala konyamula alendo, kangawathandize. Nsapato zikhale zafulati, ndipo majekete musasiye, mphepo ya mu Epulo kumeneko imalowa m'mafupa.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nyumba zimene mudzaonezo zambiri si zakale monga zikuonekera. Mu Ogasiti 1944 asilikali a Amereka ankalimbana ndi a Germany amene anadzitsekera kumeneko, ndipo mabomba ndi moto zinawononga nyumba pafupifupi 80 mwa 100 zilizonse za m'kati mwa linga. Lingalo ndiye linatsala. Nkhondo itatha anakana kumanga mzinda wamakono wa simenti. Anamanganso ndi miyala, motsata kaonekedwe kakale, ndipo makoma ena a nyumba zofunika anawaphwasula bwinobwino, kulemba manambala pamwala uliwonse, n'kuubwezera pamalo pake. Ntchitoyo inatenga zaka zoposa khumi. Ine ndikamayenda m'misewu imeneyo zimenezi ndi zimene zimandigwira mtima.

aChisale (Portsmouth):
Mwana wanga Chikondi wafotokoza bwino, koma wasiya chinthu chachikulu pa zonse. Ku Saint-Malo amene amalamula tsiku lanu si inu, ndi nyanja. Nabanda, mvetserani bwino apa chifukwa muli ndi ana.

Ife tinakulira ku Senga Bay timadziwa kuti pamene wasiya bwato madzulo, m'mawa ukalipeza madzi ali pomwepo. Kumeneko ayi. Nyanja imadzadza kawiri n'kuphwa kawiri patsiku, ndipo masiku ena kusiyana kwa madzi odzadza ndi ophwa kumapitirira mamita 12. Ndi amodzi mwa malo amene madzi amakwera kwambiri mu Ulaya monse. Masana mudzaona mchenga wautali, miyala, anthu akuyenda ndi agalu mpaka kuzilumba. Madzulo pamalo pomwepo pali madzi oti sitima n'kudutsa, mafunde akumenya khoma.

Chimachititsa ndi mwezi ndi dzuwa zimene zimakoka madzi, kuphatikizapo mmene gombe la kumeneko linakhalira. Madzi ochokera ku Atlantic akalowa mu English Channel amakagunda dera la Cotentin n'kuunjikana pangodya imeneyo. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene, pakapita tsiku limodzi kapena awiri ndiye madzi amakwera koposa, makamaka cha mu Malichi ndi mu Seputembala. Isitala imagwa Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu, ndiye mwina mudzakumana nawo ali pa mphamvu kapena atangoyamba kutsika. Afalansa amaika nambala pa tsiku lililonse, kuyambira 20 mpaka 120. Mukaona nambala yapitirira 90 kapena 100 dziwani kuti tsiku limenelo nyanja ithawira kutali kwambiri, ndipo pobwera ibwera mwaukali.

Choopsa chili pakati. Madzi akayamba kubwerera, ola loyamba amabwera pang'onopang'ono, munthu n'kumati nthawi ilipo. Koma ola lachitatu ndi lachinayi ndi pamene theka la madzi onse limalowa. Pa tsiku la mamita 12 ndiye kuti mamita atatu pa ola limodzi. Ndiponso sabwera kutsogolo kwanu kokha, amadutsa m'makwawa a mumchenga n'kukutsekerani kumbuyo. Mwana akatanganidwa ndi kutola nkhanu sazindikira.

Tebulo la nthawi za madzi limapezeka ku ofesi ya alendo, pafupi ndi chipata chachikulu, ndiponso pa intaneti. Nthawi zake zimasuntha pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse, choncho za dzulo musagwiritse ntchito lero. Pakachitika ngozi imbani 112, kapena 196 imene ndi ya opulumutsa anthu panyanja.

Make Yamikani (Manchester):
Mamita atatu pa ola! Ambuye. Zikomo bambo Chisale, izi n'zofunika kuti aliyense awerenge.

Nabanda (Southampton):
Bambo Chisale mwandithandiza kwambiri, ndawerengera ana mokweza. Tsono zilumba zimene mukuti anthu amapita wapansizo ndi ziti? N'zololedwa kupita ndi ana?

Chikondi (Rennes):
N'zololedwa amayi, bola mutsate nthawi. Chapafupi ndi Grand Bé. Mumatsikira kugombe la Bon-Secours, ndipo madzi akaphwa pamaoneka kanjira ka simenti kopita kuchilumbacho. Pamwamba pake pali manda a Chateaubriand, mlembi wotchuka wobadwira mumzindawu mu 1768, amene anamwalira mu 1848. Anapempha yekha kuti adzamuike pamenepo, moyang'ana nyanja. Mandawo ndi osavuta, mwala ndi mtanda basi. Koma chokwerera kumeneko kwenikweni n'kutembenuka n'kuona mzinda wonse ndi linga lake uli patsogolo panu. Kanjirako kakamira muli kuchilumba musayese kuwoloka, madzi ake amakoka. Mumangodikira maola pafupifupi 6 kuti aphwenso.

Kumbali ina kuli Fort National, linga la asilikali lomangidwa mu 1689 potsata mapulani a Vauban, katswiri wa malinga wa mfumu Louis XIV. Mbendera ya France ikakwezedwa pamwamba pake ndiye kuti n'kotsegula, ndipo kulowa n'kolipira. Mu 1944 a Germany anatsekeramo amuna 380 a mumzindawu, ndipo 18 anafera momwemo bomba litagwa.

Pa Bon-Secours pomwepo pali dziwe losambiramo lomangidwa mu 1937, limene limasunga madzi a m'nyanja ikaphwa. Koma mu Epulo madzi amakhala cha m'ma digiri 10, ndiye ana angoviika mapazi. Kothamanga ndi kusewera mpira ndi kugombe lalitali la Sillon, kumene anazika mitengo ikuluikulu mumchenga yoti izifooketsa mafunde.

Bambo Mbewe (Leicester):
Ndawerenga zonse ndipo n'zoona. Ndikupempha malo pang'ono kuti ndiwonjezere mbali ina, chifukwa ndinaphunzitsa mbiri kwa nthawi yaitali ndipo sindingakhale chete.

Nabanda, mukamayenda pa linga mudzafika pa chifanizo cha munthu wanyamula lupanga, dzanja lina akuloza kunyanja, cha ku England. Ameneyo ndi Robert Surcouf, wobadwa mu 1773, womwalira mu 1827. Kumeneko ndi ngwazi. Anali m'gulu la amalinyero amene boma linkawapatsa kalata yowaloleza kulanda sitima zamalonda za adani nthawi ya nkhondo, n'kugawana phindu ndi boma. Chuma chambiri cha Saint-Malo chinabwera motero, pamodzi ndi usodzi wa ku Newfoundland ndi malonda a nsalu. Surcouf anatchuka mu 1800 pamene analanda sitima yaikulu ya Angerezi yotchedwa Kent kufupi ndi Bengal, iye ali m'sitima yaing'ono kwambiri. Nkhani imeneyo mudzaimva kwa aliyense wotsogolera alendo.

Imene simudzaimva kawirikawiri ndi iyi. Munthu yemweyo ankachita malonda a akapolo, ndipo ankawachitira kufupi ndi kwathu. Ali mnyamata anagwira ntchito m'sitima yotchedwa Aurore, yonyamula akapolo kupita nawo ku zilumba za Afalansa za m'nyanja ya India, zimene lero ndi Mauritius ndi Réunion. Cha m'ma 1790 sitimayo inasweka panyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Anthu pafupifupi 400 amene anali omangidwa maunyolo pansi pa sitimayo anamira. Surcouf anapulumuka, ndipo sanasiye. Anapitiriza, mpaka atalemera n'kukhala mwini sitima ankatumizabe zina kukatenga anthu ku Africa, pamene malondawo anali ataletsedwa kale.

Si iye yekha. Mahé de La Bourdonnais, amenenso ali ndi chifanizo chake mumzindamo, anabadwira komweko mu 1699. Anakhala bwanamkubwa wa zilumba zija kuyambira 1735, ndipo doko la Port Louis analimanga ndi thukuta la akapolo ochokera ku Mozambique ndi Madagascar. Bambo ake a Chateaubriand amene Chikondi watchula uja, chuma chawo china chinachokera ku sitima za akapolo. Ngakhale Jacques Cartier, amene ananyamuka kumeneko mu 1534 kupita ku Canada ndipo manda ake ali m'tchalitchi chachikulu cha Saint-Vincent, pa ulendo wake wachiwiri anagwira mfumu Donnacona ndi anthu ake ena n'kubwera nawo ku France mu 1536. Mfumuyo sinaonenso kwawo.

Sindikuti musapite. Pitani, malowo ndi okongola kwambiri. Koma mwana wanu wa ku sekondaleyo akaima pansi pa chifanizo chimenecho adziwe kuti akuyang'ana ndani.

Dalitso (Luton):
Bambo Mbewe, ndi ulemu wonse, mayiwa afunsa za tchuthi. Anthufe timagwira ntchito usiku ndi usana, ndalama ya viza ndi sitima si yamasewera, ndiye munthu akapume pang'ono tikumusenzetsanso maliro a zaka 200 zapitazo? Tikatero ndiye ku Liverpool, ku Bristol, ku Lisbon sitidzapondako. Ana asiyeni adye ayisikilimu, athamange pamchenga. Za ukapolo adzaphunzira kusukulu.

Make Yamikani (Manchester):
Achimwene a Dalitso, kusukulu kwake kuti? Ana athu kuno amaphunzira za sitima zopita ku America ndi ku Caribbean. Za mbali yathu ya kum'mawa sindinaonepo m'makope a mwana wanga. Ine ndemwe dzina la Surcouf ndalimva lero. Bambo Mbewe, funso langa ndi ili: anthu ankatengedwawo analidi a kwathu, kapena a kugombe okhaokha?

Bambo Mbewe (Leicester):
Funso labwino mayi. Afalansa sankalowa kumtunda, ankagula m'madoko: pachilumba cha Mozambique, ku Ibo, ku Kilwa. Mu 1776 wamalonda wina wachifalansa dzina lake Morice anachita pangano ndi sultani wa ku Kilwa loti azimupatsa akapolo 1,000 chaka chilichonse. Anthu ochuluka chotero sakanachokera kugombe kokha. Ankabwera ndi maulendo a minyanga ya njovu ochokera kumtunda, ndipo pakati pawo panali Amakua, Ayao ndi Amaravi, ochokera m'madera ozungulira nyanja yathu. Atafika ku Mauritius onsewo ankangowerengedwa ngati anthu a ku Mozambique. Nthawi imeneyo malire a Malawi ndi Mozambique kunalibe. Tivomerezenso kuti amene ankawagwira ndi kuwayendetsa mpaka kugombe ambiri anali anthu akuda anzathu, mafumu ndi amalonda. Nkhani ya Jumbe ku Nkhotakota imene tonse tinaphunzira inabwera pambuyo, m'zaka za m'ma 1800, koma njira zake zinali zitapondedwa kale.

A Dalitso, ndakumvani, ndipo kutopa kwanu ndikukudziwa. Ine sindikupempha kuti banja likalire pa linga. Mphindi zisanu zokha, mayi ndi mwana wake, kenaka apite kukadya ayisikilimu. Ku Liverpool komwe mwatchulako kuli nyumba yosungiramo mbiri ya ukapolo padoko penipeni, ndipo anthu ankapitako ndi ana awo asanaitseke mu 2025 kuti aikonzenso.

Chikondi (Rennes):
Ndiwonjezereko pang'ono za kuno. France inathetsa ukapolo mu 1794, Napoleon anaubwezeretsa mu 1802, ndipo unatheratu mu 1848. Mu 2001 anakhazikitsa lamulo, limene anatsogolera mayi Christiane Taubira, lonena kuti ukapolo ndi malonda ake unali mlandu wolakwira mtundu wonse wa anthu, ndipo lamulolo limatchulanso za m'nyanja ya India. Pa 10 Meyi chaka chilichonse amakumbukira. Mzinda wa Nantes, umene unatumiza sitima za akapolo zambiri kuposa madoko onse a France, unatsegula chikumbutso chachikulu m'mbali mwa mtsinje wa Loire mu 2012. Ku Saint-Malo chimene mlendo amakumana nacho paliponse ndi ulemerero wa amalinyero aja: mayina a misewu, a malo odyera, zidole za ana m'mashopu. Anzanga a m'kalasi obadwira kuno amagawanika. Ena amati Surcouf anali munthu wa nthawi yake. Ena amati pansi pa chifanizocho alembepo zonse ziwiri. Ine ndili ndi achiwiriwa. Kuchigwetsa sindikuona phindu lake, koma kulemba theka la moyo wa munthu n'kusiya anthu 400 pansi pa madzi si chilungamo.

Nabanda (Southampton):
Ndakhala kaye chete chifukwa nkhaniyi yandilemera. Mayi anga kwawo ndi ku Mangochi, ndipo nditawauza angoti agogo awo ankasimba za anthu amene anatengedwa kupita kunyanja yamchere osabwereranso. Ati akufuna akachione chifanizocho ndi maso awo. Ndiye tipita, ndipo mwana wamkuluyu ndimuuza ndekha. Wamng'onoyu ndiona mmene ndingamufotokozere. A Dalitso musadandaule, pamchenga adzathamanga ndithu.

Dalitso (Luton):
Ngati agogo atero, ine ndilibenso mawu, ndi ufulu wawo. Maganizo anga sanasinthe kwenikweni, ndimaonabe kuti mwana wa ku pulayimale msiyeni akhale mwana. Koma bambo Mbewe zikomo, za Aurore sindinkazidziwa.

Tsono mlongo wanga, mukafika kumeneko musabwerere osaona Mont-Saint-Michel. Ndi makilomita pafupifupi 50 okha. Phiri lamwala pakati pa mchenga, pamwamba pake nyumba ya amonke yakalekale, yoonekera kutali kwambiri. Bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1979. Kufika ku Saint-Malo osapitako n'kuluza.

aChisale (Portsmouth):
Apa ndiye nditsutsa. Malowo ndi odabwitsa, inde, koma taganizirani mawondo a mayi. Basi kapena galimoto imaima kutali kumtunda, mumakwera ina yodutsa pamlatho umene anatsegula mu 2014, kenaka kamsewu kamodzi kopapatiza kokwera phiri, anthu ali thithithi, ndipo kuti mufike kutchalitchi pamwamba ndi masitepe mazana angapo. Pa Isitala ndiye anthu amachita kukankhana. Mayi adzangokhala pansi pachipata tsiku lonse. Ndipo mchenga wozungulira phirilo si woyendapo nokha, pali malo otitimira. Amene amawoloka amapita ndi wowatsogolera wovomerezeka.

Make Yamikani (Manchester):
Nanga osagawana bwanji? Bambo apite ndi ana ku Mont, inu ndi mayi mutsale mupume.

Chikondi (Rennes):
Maganizo abwino amenewo. Ndipo otsalawo pali kopita kosavuta. Pansi pa linga, cha ku Porte de Dinan, pamanyamuka boti lopita ku Dinard, tsidya lina la mtsinje wa Rance, mphindi pafupifupi 10 zokha. Dinard inakula m'zaka za m'ma 1800 pamene Angerezi olemera anayamba kumangako nyumba zopumuliramo, ndipo nyumbazo zilipobe pamwamba pa matanthwe. Chokoma kwambiri n'chakuti muli m'botimo mumauona Saint-Malo kuchokera panyanja, mmene ankauonera amalinyero pobwerera kwawo. Agogo sayenda n'komwe, angokhala pampando.

Ngati ndi Akatolika, Misa ya Isitala m'tchalitchi cha Saint-Vincent ndi mwayi. Magalasi a m'mawindo ake ambiri anaikidwa nkhondo itatha, ndipo dzuwa likawomba m'kati monse mumadzadza mitundu. Mufike msanga kuti mupeze pokhala.

Nabanda (Southampton):
Ndife a CCAP koma mayi sangakane kulowa m'nyumba ya Mulungu. Nanga chakudya? Ana angawa ndi osankha, ndipo thumba si lalikulu.

Dalitso (Luton):
Galette, mlongo wanga. Ndi chikondamoyo chopyapyala chophikidwa ndi ufa wakuda wa mbewu imene amati sarrasin, m'kati amaikamo dzira, tchizi ndi nyama. Chimakhutitsa ndipo ndicho chotsika mtengo m'malo odyera. Ana mukawagulire galette-saucisse, soseji yokulungidwa mu galette, amadya akuyenda. Ngati simudya nkhumba funsani kaye, chifukwa sosejiyo ndi nyama ya mu galette nthawi zambiri ndi yankhumba. Zotsekemera ndi ma crêpe a ufa watirigu. Chimene amamwera m'timbale tadothi ndi mowa wa maapozi, osati juwisi, ndiye ana musawapatse.

Chikondi (Rennes):
Kuwonjezera apo, madzi akumwa m'malo odyera ndi aulere mukapempha a m'jagi, nenani kuti carafe d'eau. Malo ambiri amaphika masana kuyambira 12 mpaka cha m'ma 2, kenaka khitchini amatseka mpaka cha m'ma 7 madzulo, ndiye musachedwe. Mukalowa mushopu iliyonse yambani ndi bonjour, kuno kulowa osapereka moni amakuona wamwano. Batala wawo ndi wamchere ndipo amamunyadira kwambiri. Mukagula buledi, batala ndi zipatso n'kukadyera kugombe mwapulumutsa ndalama zambiri. Chenjerani ndi mbalame zoyera zakunyanja zija, zimatsomphola chakudya m'manja mwa mwana.

Amene amakonda za m'madzi, Cancale ili makilomita pafupifupi 15 kum'mawa, ndipo basi imapita. Kumeneko amaweta ma oyster, mtundu wa nkhono za m'nyanja. Madzi akaphwa minda yake imaonekera yonse, mathirakitala akulowa m'matope kukakolola. Kumapeto kwa doko kuli kamsika kumene amakutsegulirani pomwepo, mumadya aawisi ndi ndimu mutakhala pakhoma. Si onse amawakonda, koma kuona mmene anthuwo amagwirira ntchito motsata madzi n'kosangalatsa. Kukacha bwino Mont-Saint-Michel amaonekera chapatali kuchokera pamenepo, ndiye agogo angalione osakwera sitepe ngakhale imodzi.

Mphatso (Glasgow):
Pepani ndalowerera mochedwa. Ine ntchito yanga ndi ya zamagetsi, ndiye ndikufuna mwana wa ku sekondaleyo asaphonye chinthu chimodzi. Pakati pa Saint-Malo ndi Dinard, pamene Rance akuthira m'nyanja, pali damu lotalika mamita pafupifupi 750, ndipo msewu umadutsa pamwamba pake. M'kati mwake muli makina 24 opukusa magetsi, onse pamodzi mphamvu yake ndi ma megawatt 240. Analitsegula mu 1966, ndipo linali loyamba padziko lonse kupanga magetsi ochuluka chotere ndi kudzadza ndi kuphwa kwa nyanja. Nyanja ikamadzadza madzi amalowa mumtsinje, amatseka zitseko, ndipo ikaphwa amawatulutsa kudzera m'makinawo. Makinawo anapangidwa moti angathe kuzungulira mbali zonse ziwiri. Ubwino wake ndi wakuti sadikira mvula kapena mphepo, nthawi ya madzi imadziwika zaka zambiri zisanafike. Vuto lake ndi matope amene akhala akuunjikana mumtsinjemo, ndipo anthu okhala m'mbali mwake akhala akudandaula kwa nthawi yaitali. Mukapita ku Dinard pa boti, pobwerera kwerani basi kuti mudutse pamenepo.

Nabanda (Southampton):
Abale inu, Mulungu akudalitseni. Mmene ndakonzera ndi motere. Tikafika m'mawa tisiya katundu, tikwera pa linga pang'onopang'ono ndi mayi mpaka pa chifanizo chija. Grand Bé tipita tsiku limene tebulo lilola, mayi adzatidikira kugombe. Bambo ndi ana apita ku Mont, ine ndi mayi ku Dinard, tikabwerera pa damu la a Mphatso ndipo ndidzajambulira mwanayo. Cancale tiona ngati nthawi ndi ndalama zitsala. Bambo Mbewe, ndikupemphani mundilembere kumbali mayina ndi zaka zija mwadongosolo, kuti ndisakasokoneze pomufotokozera.

Bambo Mbewe (Leicester):
Ndikutumizirani madzulo ano mayi. Mukawapatse moni mayi anu.

aChisale (Portsmouth):
Chimodzi chotsiriza Nabanda. France ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi kuno, ndipo tebulo la madzi limalembedwa m'nthawi ya kumeneko. Foni imasintha yokha, koma wotchi yapamkono ayi. Musinthe mawotchi onse musanatsike m'sitima, ya bambo ndi ya mwana yemwe. Ndipo ku Grand Bé muzinyamuka kupita madzi akadali kuphwa, osati atayamba kale kubwerera.